Fairlady Z kapena Vitz: mphamvu ya galimoto imathera pati pa misewu ya Kasungu?

Mwana wa mlongo wanga anandipeza pakhonde madzulo ena msika wa fodya uli pachimake, foni ili m'manja. Mabelo ake anali atayenda bwino ku Chinkhoma, ndipo kwa nthawi yoyamba ndalama ya galimoto inali itayamba kuoneka. Anandionetsa zithunzi ziwiri. China chinali Toyota Vitz yoyera, yofanana ndi zomwe zimangoti balala m'tauni ya Kasungu. Chinacho chinali Nissan Fairlady Z yofiira, ya zitseko ziwiri, yokhala ngati yagwada pansi.

"Amalume," anatero, "zonsezi n'zochokera ku Japan, zonse zimamwa petulo. Yofiirayi ndi yakaleko, moti mtengo wake pa intaneti ndikhoza kuufikira. Nanga bwanji aliyense akundiletsa?"

Ndinamuuza kuti ine sindimuletsa, ndalama ndi zake, thukuta linali lake. Koma funso lakelo ndi labwino, ndipo yankho loti "imamwa mafuta" ndi kachidutswa chabe ka nkhaniyi.

Tiyambe ndi zomwe zili pansi pa boneti. Fairlady Z yomwe anandionetsayo ndi ija kunja kwa Japan amaitcha 370Z, yomwe inayamba kutuluka kumapeto kwa 2008. Banja la magalimoto a Z linayamba kale mu 1969, ndipo kuyambira pamenepo cholinga chake sichinasinthe: injini yaikulu kutsogolo, matayala akumbuyo ndiwo akankhe. Injini yake ndi ya masilinda 6, ya 3,700 cc, ndipo imatulutsa mahatchi oposa 330, poti mphamvu ya injini amaiyeza m'mahatchi. Vitz inayamba mu 1999, ndipo zambiri zomwe zimafika kuno ndi za injini ya 1,000 cc, ya masilinda atatu okha, yotulutsa mahatchi pafupifupi 69. Injini yomweyi, 1KR-FE, ndi imenenso ili mu Passo zambiri, ndipo mfundo imeneyi tidzaibwerera tikafika pa masipeya.

Chiwerengero cha mahatchi pachokha sichinena zambiri. Chofunika n'chakuti hatchi iliyonse yasenza katundu wolemera bwanji. Z imalemera pafupifupi makilogalamu 1,500, ndiye hatchi imodzi ikukoka makilogalamu osafika 5. Vitz imalemera pafupifupi makilogalamu 1,000, ndiye hatchi imodzi ikukoka makilogalamu 14. Apo galimoto ili yopanda kanthu. Tsopano kwezani anthu anayi akuluakulu, muike thumba la soya ndi la chimanga mu buti monga timachitira tonsefe: Vitz ija yafika pa makilogalamu 1,350 kapena kuposa, ndipo hatchi iliyonse yasenza pafupifupi 20. N'chifukwa chake Vitz ya munthu mmodzi imathamanga mosangalatsa m'tauni, koma yomweyo ikadzaza imalira kwambiri pa chitunda popanda liwiro kuonjezekera. Z kuchoka poima kufika pa liwiro la 100 imatenga masekondi 5 kapena 6. Vitz ya 1,000 cc imafuna pafupifupi 15.

Pali chinanso chomwe ogulitsa magalimoto satchula. Kasungu ali pamtunda wa mamita oposa 1,000 kuchokera pa nyanja ya mchere, ndipo mpweya wa kumtunda ndi wopepuka. Injini yopanda turbo, kachipangizo kokankhira mpweya wambiri mu injini, imataya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 100 a mphamvu yake pa mamita 100 alionse okwera. Magalimoto awiri onsewa alibe turbo, choncho onse amafika kuno atataya gawo limodzi mwa magawo khumi. Z ikataya mahatchi 30 woyendetsa sadziwa n'komwe. Vitz ikataya 7 imamva, chifukwa inalibe osungira.

Ndiye mphamvu yonse ya Z ija imagwira ntchito pati pa msewu wathu? Malo ake enieni ndi amodzi, ndipo ndi malo oti tisawapeputse: popitirira lole. Aliyense amene anayendapo pa M1 pakati pa Kasungu ndi Madisi amadziwa kukhala kumbuyo kwa thiraki ya mafuta kapena ya fodya ikukwawa, iwe ukusuzumira kumanja kuti uone ngati kukubwera kanthu. Ngozi ya kupitirira ili pa nthawi imene umakhala kumbali ya anzako. Ngati iwe uli pa 90 ndipo basi ikubwera kutsogolo pa 100, mpata wa pakati panu ukutha ndi mamita oposa 50 pa sekondi iliyonse. Galimoto imene imamaliza kupitirira masekondi anayi msanga yakusungira mamita 200. Apa Z ndi yotetezeka kuposa Vitz yodzaza, ndipo amene angatsutse zimenezi sanayesepo kupitirira thiraki ndi anthu asanu mu Vitz. Woyendetsa Vitz wanzeru amaphunzira kudekha, kuyamba kuthamanga akadali kumbuyo, kuzimitsa eyakoni kaye, ndi kulola mipata yambiri imudutse.

Koma kupitirira ndi masekondi ochepa pa ulendo wonse. Nthawi yotsalayo mphamvu ija imangokhala, ikudya. Kuchokera ku Kasungu kupita ku Lilongwe ndi makilomita pafupifupi 130, ndipo pa njirayi pali Madisi, Mponela, Lumbadzi ndi timisika tina, paliponse mahampu, akabaza, apolisi a pamsewu, ngolo, mbuzi, ana a sukulu. Liwiro limene malamulo ndi nzeru zimalola pa msewu umenewu Vitz imalifikira bwinobwino. Mukanyamuka nthawi imodzi pa depoti ya Kasungu, wa Z akafika ku Kanengo asanamalize botolo la madzi wa Vitz watulukira. Ndipo chodabwitsa kwa ambiri n'chakuti magalimoto opangidwira msika wa ku Japan amakhala ndi chotsekera liwiro pa 180, kaya ndi Vitz kaya ndi Fairlady Z. Nambala zazikulu zija zomwe zalembedwa pa wotchi ya liwiro ndi zokongoletsa, pokhapokha wina atalowerera kompyuta ya galimotoyo.

Mnyamatayo apa anati, "Koma amalume, mabuleki ake ndi aakulu, imaima msanga." N'zoona. Z ili ndi mabuleki aakulu ndi matayala otambalala, ndipo pa liwiro lofanana pa phula wabwino imaima patsogolo pa Vitz. Vuto ndi masamu a liwiro. Mtunda umene galimoto imafuna kuti iime sukula mofanana ndi liwiro, umakula mowirikiza: ukachoka pa 60 kufika pa 120, liwiro lawirikiza kawiri koma mtunda woimira wawirikiza kanayi. Onjezerani sekondi imodzi imene maso amatenga kuti auze phazi. Pa 120 sekondi imeneyo ndi mamita 33, pa 160 ndi mamita 44, buleki usanaigunde n'komwe. Ng'ombe yotuluka m'tchire madzulo cha ku Chatoloma sipereka mamita amenewo. Ndipo galimoto ngati Z imabisa liwiro. Vitz ikafika pa 110 imachita phokoso, imanjenjemera, mphepo ya thiraki imaikankha, woyendetsa amachita mantha n'kuchepetsa yekha. Z pa 140 imakhala phee ngati ili pa 80. Mantha aja a mu Vitz, ngakhale ndi osasangalatsa, amagwira ntchito ya mlonda.

Tsopano za matayala amene amakankha, zomwe zimaoneka m'dzinja. Vitz imakoka ndi matayala akutsogolo, ndipo kulemera kwa injini kuli pamwamba pa matayala omwewo, ndiye pa matope oterera imagwirako pansi. Ikalephera pa kona imangokana kukhota n'kupita mphuno patsogolo, ndipo munthu akachotsa phazi pa mafuta nthawi zambiri imabwerera yokha. Z imakankha ndi akumbuyo. Pa phula wouma zimenezi ndi zomwe zimaipatsa kukoma konse, chifukwa matayala akutsogolo amangogwira ntchito yokhota basi ndipo chiwongolero chimamvera dzanja. Koma pa dothi lonyowa, ukaponda mafuta mopitiriza, kumbuyo kumatsetsereka n'kufuna kupitirira kutsogolo. Kompyuta yake imathandiza kugwira galimoto, komabe matayala otambalala opangidwira phula amangoyandama pamwamba pa matope m'malo moboola kuti apeze polimba. Mvula ya Januwale ikagwa usiku wonse, Z siyenera kutuluka pa geti ya munthu wokhala kumene phula sanafike.

Ndinene mosabisa: Vitz nayonso si galimoto ya kumudzi. Mpata wa pansi pa Z ndi masentimita 12 kapena 13, wa Vitz ndi pafupifupi 14, ndipo ikadzaza umachepa. Amene amapita kumunda ku Chamama kapena kwa Chulu m'dzinja amadziwa chifukwa chake alimi akale akapeza ndalama ankathamangira pikapu. Kusiyana kwenikweni kwa awiriwa sikuli pa masentimita awiriwo ayi. Kuli pa mphuno. Ya Z ndi yaitali ndi yotsika, moti pa hampu yosongoka kapena potsika pa phula kulowa m'msewu wa dothi bampala ndi imene imayamba kugunda tayala lisanakwere. Vitz ili ndi mphuno yaifupi, tayala limafika msanga. Kuonjezera apo masipuling'i ndi mashoki a Z ndi olimba mwadala kuti galimoto isapendeke pa kona, ndiye dzenje lililonse limafika pa msana wa woyendetsa ndi pa mabushi onse momwe lilili.

Pa matayala ndipamene ndinamukhazika pansi mnyamatayo, chifukwa apa ndi pamene ndalama zimatulukira anthu osaona. Pa tayala pamalembedwa manambala atatu. Pa Vitz zambiri za 1,000 cc ndi 165/70 R14: 165 ndi kutambalala kwa tayala m'mamilimita, 70 ikunena kuti khoma la m'mbali ndi magawo 70 pa 100 a kutambalalako, ndipo 14 ndi kukula kwa rimu m'mainchi. Khoma lake choncho ndi lalitali pafupifupi masentimita 11 ndi theka, ndipo ndi lofewa. Z za marimu a mainchi 19 zimavala 245/40 kutsogolo ndi 275/35 kumbuyo. Khoma lake silifika masentimita 10, ndi lolimba, ndipo lasenza galimoto yolemera theka kuposa Vitz. Tayala lotere likamenya mlomo wa dzenje pa liwiro, mphira imapanikizika pakati pa rimu ndi phula, n'kutupa chotupa m'mbali kapena kung'ambika, nthawi zina rimu yomwe kupindika. Tayala lotupa m'mbali silimatidwa. Ndiye taonani kuti akutsogolo ndi akumbuyo ndi osiyana kukula: simungawasinthanitse kuti athe mofanana monga timachitira pa Vitz, ndipo akumbuyo amatha msanga chifukwa ndi amene amalandira mahatchi 330 aja. Tayala la mainchi 14 mulipeza m'mashopu a m'tauni ya Kasungu tsiku lomwelo, latsopano kapena la kaunjika. La 275/35 R19 muyimba foni ku Lilongwe, ndipo mwina akakuuzani kuti adikire lichokere kunja.

Mafuta ndiye nkhani imene aliyense amaidziwa, koma tiiyike m'manambala. Vitz ya 1,000 cc yosamalidwa bwino imayenda makilomita 15 mpaka 18 pa lita imodzi pa ulendo wautali. Z imayenda pakati pa 8 ndi 11, ndipo 11 ameneyo ndi wa munthu wofatsa, amene sindikudziwa chifukwa chake angagule Z. Ulendo wa ku Lilongwe kupita ndi kubwera, makilomita 260, Vitz imwa malita 16 kapena 17, Z imwa pafupi ndi 30. Thanki ya Vitz imadzaza ndi malita 42, ya Z ndi 72. M'dziko limene mafuta amapezeka nthawi zonse kumeneku kungakhale kusiyana kwa ndalama chabe. Kwathu kuno, komwe kuyambira 2022 takhala tikugona pa mizere ya mafuta kangapo, ndi kusiyana kwa kuyenda ndi kusayenda. Pomwetsa mafuta akamapereka malita owerengeka kwa galimoto iliyonse, malita 10 omwewo amafikitsa Vitz ku Lilongwe ndi otsala, pomwe Z angaithere isanafike.

Palinso mtundu wa petulo. Injini ya Z imapanikiza mpweya ndi mafuta kwambiri m'masilinda, ndipo ku Japan imamwa petulo wapamwamba amene sayaka msanga akapanikizidwa. Kuno pa pampu petulo ndi mmodzi yemweyo kwa aliyense. Injiniyo ili ndi kachipangizo komva kugogoda, ndipo kompyuta imachedwetsa moto kuti iziteteze, zomwe zikutanthauza kuti mahatchi ena amene munalipira mwawasiya padoko. Choopsa chenicheni ndi petulo wa m'zigubu wa m'mbali mwa msewu nthawi ya kusowa, amene sudziwa chomwe asakanizamo. Palibe injini imene imamukonda, koma kukonza zoonongeka pa injini ya masilinda 6 si chimodzimodzi ndi pa ya atatu.

Mtengo wa pa intaneti uja, womwe unamukopa mnyamatayo, ndi chikomekome cha nkhuyu. Galimoto ikatsika pa doko la Dar es Salaam iyenera kuyendetsedwa mpaka ku Songwe, monga magalimoto ongofika kumene aja otchedwa ma IT omwe timawaona akudutsa pa M1 mondondozana, ndipo pa chipata MRA imawerengera msonkho potengera kukula kwa injini ndi zaka za galimoto. Injini yaikulu imalipira zambiri, galimoto yakale imalipira zambiri. Z yotsika mtengo pa intaneti imakhala yotsika chifukwa ndi yakale, ndiye imagwera mbali zonse ziwiri, pomwe injini ya 1,000 cc ili m'gulu lotsikitsitsa. Inshuwalansi yokwanira nayo imatsata mtengo wa galimoto ndi wa zida zake. Ndipo chilichonse cha galimoto chimagulidwa ndi ndalama zakunja. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, sipeya iliyonse yoitanitsa inakwera tsiku lomwelo.

Apa ndi pamene injini ija ya 1KR-FE ikubwerera. Poti Vitz ndi Passo zadzaza m'dziko muno, masipeya ake ali paliponse, atsopano ndi ochotsa ku magalimoto ochita ngozi, ndipo makaniko aliyense wa pansi pa mtengo anaitsegulapo kangapo. Mapulagi ndi atatu, oyilo ndi malita atatu. Z imafuna mapulagi 6 ndi oyilo wabwino pafupifupi malita asanu, ndipo galasi lakutsogolo likasweka ndi mwala wa thiraki, kapena nyali ikaphwanyika, palibe ina yofanana nayo m'boma lonse yoti muchotseko. Galimoto imatha miyezi ili pa mawe chifukwa cha kachinthu kokwana m'thumba la malaya. Mmisiri wina wa garaja amene ndimamudalira amanena kuti sakana ntchito, koma galimoto yachilendo amauziratu mwini wake kuti onse awiri akhala akuphunzira, ndipo sukulu yake alipira ndi mwini galimoto.

Vitz nayo ili ndi pofooka pake, ndipo pamapweteka ambiri. Zambiri zili ndi giyabokosi ya CVT, imene ilibe magiya a mano monga tinazolowera koma lamba wachitsulo woyenda pakati pa mapule awiri osintha kukula. Ndi imene imathandiza kuti imwe mafuta ochepa, koma imafuna oyilo wakewake wa CVT. Wina akathiramo oyilo wamba wa otomatiki, lamba amayamba kuterereka, galimoto imanjenjemera ponyamuka, ndipo mapeto ake ndi kugula giyabokosi ina. Imadananso ndi kusenzetsedwa mopitirira ndiponso kupondedwa mafuta mwamphamvu itatitimira mumchenga. Vitz zambiri zimene zimafa msanga kuno sizifa ndi ukalamba, zimafa chifukwa zinagwiritsidwa ntchito ya Sienta kapena ya pikapu. Injini ya masilinda atatu imanjenjemeranso mwachibadwa ikaima, ndiye mphira zogwira injini zimatha msanga. Ndipo pa ngozi ya magalimoto awiri, yopepuka ndi imene imalandira nkhonya yaikulu. Izi wogula Vitz azidziwe.

Chomaliza chimene tinakambirana sichinali cha injini. Fairlady Z ili ndi mipando iwiri basi, kumbuyo kulibe ngakhale kampando ka mwana, ndipo buti yake ndi yosaya. Ndinamufunsa kuti mayi ake akadwala usiku, ndani akhale nawo kuwagwirira pa ulendo wa kuchipatala. Ndinamufunsa za chinkhoswe, za maliro, za feteleza. Kwathu kuno galimoto ya munthu mmodzi imakhala ya mtundu wonse, kufuna kapena kusafuna, ndipo alipo amene amagula ya mipando iwiri ndi cholinga chomwecho, kuti asamapemphedwe. Ameneyo ndi mlandu wina, wa pabwalo osati wa ku garaja. Koma zimakhudzanso tsiku logulitsa. Vitz ukaiika pa msika ofuna amapezeka msanga: aphunzitsi, anamwino, a bizinesi zazing'ono, ofuna kuyendetsa takisi. Z imadikira munthu mmodzi amene ali ndi mtima ngati wako ndi ndalama nthawi yomweyo, ndipo mlimi amagulitsa galimoto chaka chimene fodya wavuta, pamene anzake onse avutikanso.

Sindinamubisire kuti Z ndi galimoto yokoma. Kulira kwa injini ya masilinda 6 ija m'mawa, kukhala pansi pafupi ndi msewu, momwe imakhotera popanda kupendeka, zimenezi ndi zenizeni ndipo Vitz sidzakupatsani ngakhale pang'ono. Kwa munthu amene ali kale ndi pikapu ya kumunda ndi galimoto ya banja, wokhala pa phula, amene akhoza kuisiya mwezi wathunthu ikudikira sipeya osasowa choyendera, ndilibe mawu. Mnyamatayu analibe ngakhale njinga yamoto.

Anakhala chete kanthawi, kenako anafunsa ngati palibe Vitz yamphamvuko pang'ono, chifukwa nkhani ya thiraki ija inamukhala pamtima. Ilipo. Ya 1,300 cc ya masilinda anayi imatulutsa mahatchi oyandikira kapena opitirira 90 malinga ndi chaka chake, sinjenjemera ngati ya atatu, ndipo mafuta imamwa mosasiyana kwambiri, makamaka ikadzaza, chifukwa sichita kulimbana. Palinso Vitz RS ya 1,500 cc, ya mahatchi pafupifupi 110, imene ina imabwera ndi magiya apamanja. Analemba zimenezi mu foni, n'kunena kuti Loweruka apita kaye m'mashopu a matayala akafunse mitengo ya saizi zonse ziwiri adzionere yekha. Potuluka pa geti ndinaona kuti chithunzi chofiira chija wachiika kale pa nkhope ya foni yake.